A Mfuko ndi Chitsime Chonunkha Dizilo

Amalume anga anthu amawatchula kuti a Mfuko, chifukwa theka la moyo wawo alithera pansi pa nthaka. Ntchito yawo inali yokumba zitsime. Ukafika pakhomo pamene akugwira ntchito sunkawaona ayi. Unkangoona mulu wa dothi, mitengo itatu yomangidwa pamodzi pamwamba pa dzenje, ndi chingwe chikugwedera. Ukati usuzumire, mawu ankachokera pansipo: “Tachokani apo inu, mukunditchingira kuwala!”

Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo amati ufupiwo ndi umene unawasankhira ntchito, poti munthu wamtali m’chitsime amangodzigunda zigongono. Zida zawo zinali zochepa: piki ya mpini waufupi, fosholo yodula pakati, mgwala, ndowa ndi chingwe. Ankazisunga kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo chogona, ndipo azakhali, akazi awo, anadandaula za dothi la pa zidazo mpaka anatopa okha.

Ine ndinabwera pakhomopo ukwati wanga utatha. Ndinafika ndi sutikesi ndi makina osokera. Amalume sanandifunse zambiri. Anangosuntha matumba a simenti amene anali pakhonde n’kunena kuti, “Makinawo ika apa, pamawala bwino.” Kuyambira tsikulo ndinkasoka pakhondepo, ndipo zonse zochitika pabwalo ndinkaziona.

Madzulo akaweruka ankakonda kufotokoza za pansi, kaya wina akumvetsera kaya ayi.

“Anthu amaganiza kuti pansipa pali mtsinje kapena dziwe,” ankatero uku akuchotsa matope m’zikhadabo ndi kamtengo. “Palibe zimenezo. Umayamba ndi dothi lakuda, kenako katondo, kenako dongo lomata. Ukaboola dongolo umapeza mchenga ndi timiyala, penanso mwala wofumbutuka. Madzi amakhala m’mipata ya zimenezo, ngati mmene amakhalira m’chinkhupule. Ndi mvula yomweyi imene inalowa pansi kalekale. Ndipo amayenda, mphwanga, kuchoka kokwera kupita kotsika. Koma kuyenda kwake nkhono ikhoza kuwapitirira.”

Ali ndi zaka za pakati anakumana ndi ngozi. Analowa m’chitsime chakale kuti akachotse matope, n’kupezamo mpweya woipa. Anangomva mutu kuzungulira, miyendo n’kufooka. Mwayi wake anali atamanga chingwe m’chiuno, ndiye anthu anawakoka ali chikomokere. Kuchipatala anachira, koma mphuno zawo zinasiya kumva fungo lililonse, ndipo lilime nalo linangotsala ndi mchere ndi shuga basi. Kuchokera apo ankayamba atsitsa kandulo yoyaka asanalowe m’dzenje lakuya. Azakhali ankaseka nazo: “Ubwino wake, ndikapsereza ndiwo bambowa sadziwa.”

Azakhaliwo ali ndi mchimwene wawo, makaniko, amene aliyense amamutchula kuti a Sipanala. Galaja yawo ili kumtunda kwa msewu wathu, ukangodutsa kachitunda. Iwo ndi amalume anali pachilamu chenicheni, chonyozana tsiku lililonse.

“Alamu, mwatuluka liti m’manda?” a Sipanala ankafunsa amalume akamadutsa ali mbuu ndi dothi.

“Ine ndimatuluka,” amalume ankayankha. “Galimoto zimene zimalowa kwanuko ndi zimene sizituluka.”

Pagalajapo pankatayikira oyilo wakuda ndi dizilo wotsukira zitsulo za injini. Mvula ikagwa zonsezo zinkayenderera mumsewu, anthu n’kumaterereka, amayi ogulitsa malonda m’mphepete n’kumakalipa. Tsiku lina a Sipanala anapempha amalume kuti awakumbire dzenje lothiramo zonyansazo kuseri kwa galaja. Amalume anakumba mwaulere, monga pachibale. Anadutsa katondo, anaboola dongo, mpaka anafika pa timiyala tomwa madzi. Anathirapo ndowa ya madzi kuti ayese, madziwo anangoti zii. Anadzazamo zidutswa za njerwa n’kuvundikira ndi lata.

“Dzenje ili silidzadzaza mpaka mudzakalambe,” anatero monyadira.

Sanadandaule kalikonse. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti nthaka imasefa chilichonse, ndiponso madzi a mvula ochokera pagalajapo ankatsetserekera mbali ina, kulowera kungalande ya kumsika, osati kwathu.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali chitsime chimene amalume anakumba atangokwatira. Chimenechi ndiye chinali mwana wawo wachisamba. Anachimanga ndi njerwa kuchokera pansi, pamwamba n’kuika chivundikiro cha simenti chokhala ndi kachitseko kachitsulo. Sichinkaphwa ngakhale chilimwe chitavuta bwanji. Mipopi ikauma m’dera lonse, amayi ankandandalika zidebe kuyambira pachitsimepo mpaka pakhonde langa. Amalume sankalipiritsa. Malipiro awo anali kumva munthu akunena kuti madzi a kwa a Mfuko ndi okoma, ndipo ambiri amene anawapatsa ntchito yokumba anayamba alawa madzi amenewo.

Panapita zaka ndithu. Dzenje la kugalaja tonse tinaliiwala.

Chaka china mvula inagwa yambiri, madzi m’chitsime anakwera mpaka ndowa inkafika ndi theka la chingwe. Mvulayo itayamba kutha, m’mawa wina azakhali analawa tiyi n’kuika kapu pansi.

“Tiyi uyu akumveka palafini.”

“Ndi manja anuwo,” amalume anatero. “Mwagwira nyali.”

“Nyali ndaigwira liti ine, magetsi alipo?”

Amalume anamwa kapu yawo yonse, n’kumwanso ya azakhali ija kuti atsimikize kuti palibe vuto. Inenso dzulo lake ndinali nditaviika nsalu yoyera ya mayunifolomu, ndipo poyanika ndinamva kafungo komweko.

Poyamba mlandu unagwera ndowa. Anagula ina. Kenako unagwera chingwe, anasinthanso. Tsiku lina azakhali anasiya madzi m’beseni padzuwa, n’kuwaitana amalume.

“Mphuno mulibe, tavomereza. Nanga maso? Bwerani muone.”

Pamwamba pa madziwo pankayandama timizere ta utawaleza, topyapyala, tosweka ukatikhudza ndi chala n’kulumikizananso. Amalume anayang’anitsitsa nthawi yaitali.

“Wina wathiramo,” anatero. “Ndi nsanje imeneyi.”

Anakapa chitsime chonse, analowamo ndi burashi n’kukwecha njerwa imodziimodzi, anathira mankhwala a kolorini, pa kachitseko paja n’kuika loko. Kiyi ankayenda naye m’thumba. Kwa masiku ochepa madzi anakhala bwino, amalume n’kumayenda chifuwa chili patsogolo. Kenako fungo linabwerera, loko ali chitsekere.

Chimene chinawapweteka kwambiri si fungolo, poti iwo sankalimva. Chinali choti anthu anasiya kubwera. Palibe amene ananena kanthu. Mipopi inauma, koma pabwalo pathu panalibe chidebe n’chimodzi chomwe. Amayi ankadutsa pamsewu ndi zidebe pamutu, n’kupereka moni mwaulemu, ulendo kwina. Azakhali anayesa kuwiritsa madziwo, koma khitchini yonse inkangonunkha ngati depoti ya mabasi, ndipo tonse awiri mutu unkatiwawa.

Azakhali sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anavala, anakwera minibasi, n’kupita ku ofesi yoona za madzi. Patapita masiku kunabwera mayi wina panjinga yamoto, kumbuyo atamangirira bokosi lodzaza mabotolo. M’dera lathu mpaka lero amadziwika kuti mayi wa mabotolo. Anali wamkulu ndithu, wosathamanga poyankhula, ndipo anayamba wayamikira kamangidwe ka chitsimecho asanatunge n’komwe.

“Anamanga ndani chimenechi?”

“Ndine,” amalume anatero, nkhope ili gwa.

“Njerwa zake zagona bwino. Madzi amalowera mbali iti?”

Funso limenelo linawafewetsa, chifukwa palibe anawafunsapo chotero. Analoza mbali ya kumtunda, n’kufotokoza kuti pali mzere wa timiyala ndi mchenga wokhuthala ngati mkono, ndipo madzi amatuluka m’menemo. Mayiyo anatunga, ananunkhiza, anadzaza mabotolo ake, kenako anafunsa ngati kumtundako kuli malo ogulitsira mafuta kapena okonzera galimoto.

“Kuli galaja ya alamu anga,” amalume anayankha, “koma ili kuseri kwa chitunda. Madzi a kumeneko amapita kumsika.”

“A pamwamba amapita kumsika,” mayiyo anatero. “A pansi sitikudziwa. Nthawi zina dongo kapena mwala wa pansi umapendekera kwina, msewu n’kupendekera kwina. Kuti tidziwe, tiyenera kuyeza pamene madzi aima m’zitsime zingapo za kuno. Kaya eni ake angatilole.”

“Atilola. Zonsezo ndinakumba ndine.”

Anayenda limodzi tsiku lonse, khomo ndi khomo. Ine ndinatseka makina n’kuwatsatira, chifukwa azakhali anati wina apite akamve ndi makutu ake, bambowa akabwera adzangonena zowakomera. Mayi wa mabotolo ankatsitsa tepi yokhala ndi kachitsulo kunsonga mpaka imve madzi, n’kuyezanso kukwera kwa malo ndi kachipangizo koima pa miyendo itatu. Amalume ankanena za m’kati mwa chitsime chilichonse: apa dongo linali lochindikala, apa timiyala tinayamba msanga, apa ndinapeza mwala wong’aluka. Ankagwirizana ngati anthu odziwana kalekale. Wina anali ndi manambala, wina anaziona ndi maso ake.

Pofika masana chithunzi chinaoneka. Madzi a pansi anali ataima pamwamba kwambiri cha kugalaja, n’kumatsika pang’onopang’ono kudutsa pansi pa chitunda chija, kudzera makomo awiri a anansi athu, kufika kwathu, mpaka kukathera kukhwawa. Mzere wa timiyala uja unali umodzi womwewo m’zitsime zonsezo. Chitunda chimene amalume ankadalira chinali mulu wa katondo chabe wokhala pamwamba pake.

Titafika pagalaja tinapeza a Sipanala ali pansi pa lole. Anatuluka akupukuta manja, n’kuyamba nthabwala zawo.

“Alamu, lero mwabwera ndi mabwana? Mwalakwanji?”

Mayi wa mabotolo anapereka moni n’kufunsa kumene amataya oyilo wakutha ndi dizilo wotsukira. A Sipanala anatitsogolera kuseri mosangalala, anakankha lata lija ndi phazi.

“Umu, mayi. Ife sititayira mumsewu ngati ena aja. Anandikumbira alamu angawa. Zaka zonsezi tikuthira tsiku ndi tsiku, koma silinadzazepo. Katswiri ameneyu!”

Njerwa za m’dzenjemo zinali bii, zonyezimira. Amalume anagwada, anatola kachidutswa, anakafinya pakati pa zala.

“Silidzaza chifukwa limakhuthulira kwanga,” anatero motsitsa mawu.

Zotsatira za mabotolo zitabwera, mayiyo anadzatifotokozera yekha titakhala pakhonde. M’chitsime chathu munali dizilo ndi oyilo, ndipo m’zitsime za anansi awiri aja munalinso, kungoti iwo ankangochapira, sanalabadire. Amalume anafunsa funso limene linkawasowetsa mtendere.

“Nanga si nthaka imasefa? Moyo wanga wonse ndaona madzi a matope akulowa pansi n’kutuluka oyera.”

“Imasefa ndithu,” mayiyo anayankha. “Matope imagwira. Tizilombo ta m’chimbudzi nato timafa m’njira, ngati mtunda uli wokwanira ndipo dothi lili losalala. Koma mafuta safa msanga. Amayandama pamwamba pa madzi a pansiwo, ena amakanirira mumchenga. Mvula ikachuluka madzi amakwera, n’kutsuka mchenga uja, n’kunyamula ena. Dongo lija likanawatchinga, koma dzenje linaboola dongolo.”

“Ndinaboola ndine. Ndinkafuna lizimwa bwino.” Kenako amalume anafunsa kuti, “Ndikakapa kangapo sizitha?”

“Mukakapa mukungokokera ena kuti abwere. Kuwiritsa sikuthandiza, kolorini sathandiza. Zinatenga zaka kuti zifike kuno, bambo. Zitenga zaka zochuluka kuposa pamenepo kuti zichoke.”

Nkhani itamveka, anansi aja anapita kugalaja kukakalipa. A Sipanala anabwera kwathu atafufuma ndi mkwiyo, anaima pabwalo osalowa m’nyumba.

“Ine ndinakuuzani kuti mukumbe mpaka pa timiyala? Ine ndimadziwa injini, za pansi amadziwa ndinu! Lero anthu akunditcha wakupha.”

“Nanga dizilo ndinkathiramo ndine?” amalume anabweza.

Azakhali anatuluka ndi chikolopa m’manja. “Achimwene, pitani kwanu. Inunso bambo, lowani. Wina anakumba, wina anathira, amene tinamwa ndife. Ndiye ofunika kukalipa pano ndani?”

Kwa milungu ingapo awiriwo sanayankhulane. Amalume ankazungulira njira ya kumsika kuti asadutse pagalaja. Kunyumba ankadya pang’ono, nkhani za pansi zija anasiya. Madzi akumwa tinkagula pampopi wa m’dera, ndipo amalume anakana kuti azakhali azisenza. Ankatenga wilibala ndi zigubu n’kukaima pamzere pakati pa amayi. Ena ankawaseka: “A Mfuko, sing’anga wadwala lero?” Iwo ankangoti, “Wadwaladi,” n’kusuntha wilibala.

M’mawa wina anatulutsa zida zawo kuseri kwa chitseko n’kulunjika kugalaja. Sanapereke moni. Anachotsa lata, anaimika mitengo yawo itatu, anayamba kufukula dzenje lija. Ntchito ya chitsime imafuna anthu awiri, wina pansi wina pachingwe, koma iwo anapita okha, ndiye ndowa ikadzaza ankakwera n’kuikoka, n’kutsikanso. A Sipanala anaonerera ali pakhomo la galaja mpaka zinawakwana. Anavula ovolosi kumtunda, anaimanga m’chiuno, n’kugwira chingwe.

“Mufera m’menemo, anthu adzati ndakukwirirani ndine,” anatero.

“Kokani bwino, musanditayire pamutu,” mawu anachokera pansi.

Anatulutsa njerwa zonse ndi dothi lakuda mpaka pamene mkono unkatha kufika m’mbali. Anazithira m’migolo, ndipo lole ya a Sipanala inakazisiya kumalo amene mayi wa mabotolo anawalozera. Dzenjelo analitseka ndi dongo, akusinja ndi chipika mpaka pamwamba. Pagalaja anawaka simenti pansi ponse, ndipo oyilo wakutha anayamba kumusunga m’migolo yotseka, ogula oyilo wakale n’kumadzatenga. Mafuta amene anali atalowa kale mumchenga, pansi pa nyumba za anthu, panalibe amene akanawafikira.

Amalume ankafuna kukwirira chitsime chathu, koma mayi wa mabotolo anawapempha kuti achisiye, azidzayezeramo chaka ndi chaka. A Sipanala anawotcherera kachitseko kaja, n’kusiya kabowo kongokwana botolo. Kenako alamu awiriwo anakapempha malo kwa mayi wina wamasiye amene amakhala kumtunda kwa galaja, kumene madzi amachokera, ndipo amalume anakumba chitsime china choti makomo atatu tonse tizitungako. Madzi ake ndi abwino, ngakhale amaphwera chilimwe chikafika pachimake.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanasintha. Kale munthu akaloza malo, amalume ankangolavulira m’manja n’kuyamba. Tsopano ankayamba azungulira pakhomo ponse ndi makomo oyandikana, akufunsa kumene kuli chimbudzi, dzala, khola, ndi kumene amathira madzi ochapira. Maenje a zimbudzi ankakumbabe, koma akangoona dothi layamba kunyowa ankalekera pomwepo. Bambo wina wa nyumba za lendi anawaitana kuti akumbe chimbudzi pafupi ndi chitsime cha alendi ake, poti malo ena ankafuna kumangapo chipinda.

“Apa ayi, bwana,” amalume anatero. “Anthu anuwa azidzamwa zomwe adya dzulo.”

“Ndakuitanani kuti mukumbe kapena mundiphunzitse?”

Amalume ananyamula zida zawo n’kubwerera. Bamboyo anapeza anyamata ena, ndipo chimbudzicho chilipo mpaka lero, pomwepo. Mbiri inafala yoti a Mfuko avuta masiku ano, amafunsa mafunso ngati apolisi, ndipo ntchito zina zinawadutsa. Ena ankawafuna chifukwa cha mafunso omwewo, koma sanali ambiri.

Mawondo ndi amene anawatulutsa pansi. Anayamba kutupa moti kutsika pachingwe kunakhala kovuta, ndipo azakhali anabisa piki kwa mnzawo mpaka amalume anagonja. Panopa amaumba mikombero ya simenti yotchingira m’kati mwa zitsime, ndi zivundikiro zake, pabwalo pomwepa. Okumba achinyamata amadzagula, ndipo sachoka asanauzidwe kuti mikombero ya pamwamba aimate bwino ndi kutsira dongo kuzungulira, kuti madzi a pabwalo asatsikire m’mbali. Ena amamvera, ena amangoti “chabwino, madala” maso ali pa foni.

Mayi wa mabotolo anabwera komaliza mvula yapitayi itatha. Anati mafuta achepa kwambiri, koma madziwo sanafike pomwa kapena kuphikira. Amalume anafunsa ngati angakandire simenti ndi madziwo, mayiyo anati zimenezo palibe vuto. Tsiku lomwelo anaitanitsa a Sipanala kuti adzakuze kabowo kaja kuti ndowa izilowa. A Sipanala anabwera ndi makina awo odulira zitsulo, tsitsi lili mbuu ndi imvi, akudandaula msana. Atamaliza anakhala pa mkombero wina wouma, azakhali anawapatsa tiyi, ndipo alamu awiriwo anayamba kukangana za chikombole chachitsulo choumbira mikombero chimene a Sipanala anawotcherera mwezi watha. Amalume akuti n’chopotoka. A Sipanala akuti chopotoka ndi diso la amalume. Ine ndinayeza ndi tepi yanga yosokera, ndipo n’chopotokadi pang’ono, koma sindinauze aliyense wa iwo.